Tamupumitsaniko "support": aneni ena a Chingerezi onena za kuchirikiza ndi kulimbitsa

Mutasonkhanitsa makope a chimangirizo cha Chingerezi a pasukulu pano, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, mutha kupeza mneni mmodzi amene akugwira ganyu aliyense: support. Makolo support, boma support, mzati wa nyumba support, umboni support. Timu ya mpira nayo timangoisapota, mpaka mawuwa anakhazikika m'Chichewa ndipo anabereka masapota. Mneniyu alibe mlandu. Ndi Chingerezi chabwinobwino, ndipo wochonga mayeso sangakuduleni malikisi chifukwa cha iye. Anachokera ku Chilatini, kumene sub ndi pansi ndipo portare ndi kunyamula, port yemweyo amene ali mu transport, export ndi import. Ndiye kuti support n'kunyamulira pansi basi. Koma sakuuzani kanthu za chinthu chonyamulidwacho. Chinali cholimba kale, kapena chinatsala pang'ono kugwa? Mwachigwira chakumbali, chapansi kapena chamkati? Muchigwira lero lokha kapena mpaka kalekale? Chingerezi chili ndi aneni oposa khumi amene amayankha mafunso amenewa. Ambiri timakumana nawo m'ndime zowerenga pa mayeso a JCE ndi MSCE komanso m'nyuzipepala, ndipo kawirikawiri maganizo enieni a wolemba amabisala mu mneni amene wasankha.

Izi si zachilendo kwa ife. Paja Chichewa nachonso sichisakaniza. Khoma timalilimbitsa, koma mnzathu amene wakhumudwa timamulimbikitsa. Nthochi timaichirikiza, chimanga timachibandira, wodwala timamutsamiritsa. Munthu atati walimbikitsa khoma la bafa, tonse tikhoza kuseka. Chingerezi chimasiyanitsanso motero, ndipo mwayi wake ndi wakuti ambiri mwa aneniwa ali ndi chinthu chogwirika kumbuyo kwawo: mtengo, chipilala, pilo, linga. Mukachiona chinthucho m'maganizo, simufunikanso kuloweza tanthauzo.

Tiyambe ndi prop up, chifukwa ndi amene angakuyambanitseni ndi anthu. Prop ndi mtengo wochirikizira, ngati wamphanda uja timaika pansi pa mkoko wa nthochi ukalemera. A Agriculture mukudziwa kale prop roots, mizu ya chimanga yotuluka pa mfundo zam'munsi pamwamba pa dothi, imene imagwira phesi kuti lisagwe ndi mphepo. Pa zinthu zogwirika mneniyu alibe vuto: "We propped up the banana plant with a forked pole." Mukhozanso kunena kuti "She propped the bicycle against the wall", kutanthauza kuti anayedzamiritsa njinga kukhoma. Koma taganizirani bwino za nthochi ija. Mukachotsa mtengo, imagwa. Mtengowo sunaiwonjezere mphamvu, wangoiletsa kugwa. Ndiye mneniyu akachoka kumunda n'kupita pa kampani, pa boma kapena pa munthu, amapita ndi chithunzi chomwecho. Mtolankhani akalemba kuti "The government is propping up the company", sakuyamikira ayi. Akunena kuti kampaniyo payokha singaime, ndipo mwina akutanthauzanso kuti ndalama zikungotayika pa chinthu chimene chinayenera kusiyidwa kuti chigwe. Funso la mayeso likati "What is the writer's attitude towards the company?", yankho lili pomwepo, mu mawu awiri amenewo.

N'chifukwa chake, anzanga, polemba kalata yopempha thandizo la fizi musayerekeze kukometsa Chingerezi polemba kuti "My uncle props up our family." Amalume mwawayamikira pang'ono, koma banja lanu mwalinyoza, mwalisandutsa chisakasa chofuna kugwa. Pamenepo support wakale yemwe uja ndiye woyenera. Pali malo amene khasu lakale limaposa latsopano.

Shore up amafanana ndi prop up ngati munthu ndi msuweni wake, koma mtima wawo ndi wosiyana. Choyamba, shore ameneyu si gombe la nyanja. Ndi mawu ena amene amangofanana kalembedwe, ndipo amatanthauza mtengo kapena thabwa lochindikala limene amisiri amaika mopendekeka kukhoma lofooka, kapena m'mbali mwa ngalande yakuya kuti dothi lisagumukire okumba. Amene munaona makoma onyowa atachirikizidwa ndi mitengo mvula itagwa masiku otsatizana, ngati nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, mukudziwa chimene ndikunena. Khomalo ndi lofunika, lafooka, ndipo eni ake akuchitapo kanthu lisanagwe kuti adzalikonze. Choncho shore up amavomereza kuti pali kufooka, koma saweruza. Nkhani za chuma zimamukonda kwambiri. Ndalama ya dziko ikamagwa mphamvu, monga kwacha inatsitsidwira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu ngati "measures to shore up the currency" sasowa m'nyuzi. Tsono yerekezani ziganizo ziwiri izi: "They are shoring up the currency" ndi "They are propping up the currency." Zochitika ndi zomwezo. Woyambayo akuti akuluakulu akuyesetsa kukonza zinthu. Wachiwiriyo akuti akungochedwetsa tsoka. Mneni yekha wasintha nkhani yonse.

Awiriwa ali ndi kalamulo kamodzi kamene kamagwetsa ambiri. Dzina likhoza kukhala pakati kapena kumapeto: "prop up the wall" ndi "prop the wall up" zonse n'zolondola. Koma mlowam'malo amakhala pakati basi: "prop it up", "shore them up". Kulemba "prop up it" n'kulakwitsa. Musaiwalenso kuti p amawirikiza mu propped ndi propping.

Tsopano tichoke pa mitengo tipite pa njerwa ndi miyala. Buttress ndi chipilala chomangidwa chogundana ndi khoma chakunja, kuti khomalo lisakankhikire kunja. Kusiyana kwake ndi prop n'kwakuti ichi si chongoyembekezera, ndi mbali ya nyumbayo ndipo chimakhala mpaka kalekale. Matchalitchi akuluakulu akale a ku Ulaya ndiwo anatchukitsa mawuwa. Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris, chimene anayamba kumanga mu 1163 ndipo chinapsa denga mu Epulo 2019, chili ndi makoma aatali okhala ndi mawindo akuluakulu. Kudenga kwamkati ndi kwa miyala, ndipo kulemera kwake kumakankhira makomawo kunja. Amisiri anamanga timilatho tamiyala tochoka pamwamba pa khoma n'kukatsamira pa zipilala zoima pataliko, ndipo timeneti amatitcha flying buttresses. A Geography nanunso muli nawo mawuwa: buttress roots, mizu yotambalala ngati matabwa imene imagwira mitengo italiitali ya m'nkhalango za mvula yambiri, kumene mizu silowa pansi kwambiri.

Pa mneni, buttress amakonda mfundo ndi mtsutso. Mfundo yanu yaima kale, ndiye mukuiikira chipilala pambali kuti wotsutsa akaikankha isagwe. Tinene kuti pa mtsutso mwanena kuti dziko lathu likufunika sukulu zambiri za sekondale. Imeneyo ndi mfundo chabe. Mukawonjezera kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi muno, ndiye tinganene kuti "She buttressed her argument with census figures." Onani mperekezi wake: timati buttress chakuti with chakuti. Ndi mawu a m'mabuku, oyenera chimangirizo ndi mtsutso. Kuwanena pogula mandasi pa buleki n'kudzionetsera chabe.

Pa aneni onsewa, amene ine ndimamukonda ndi underpin, chifukwa ntchito yake sioneka. Kwa amisiri, underpinning n'kukumba pansi pa nyumba imene yaima kale n'kuikamo maziko atsopano olimba, pang'onopang'ono, nyumbayo ili chiimire. Nkhani yake yotchuka inachitika ku Winchester, ku England. Tchalitchi chachikulu cha kumeneko chinamangidwa pa nthaka yalowe, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 makoma ake anali atang'ambika ming'alu, mbali ina ikutitimira. Amisiri akakumba maenje pansi pa makoma, madzi ankadzaza. Ndiye anaitana katswiri wogwira ntchito pansi pa madzi, William Walker. Kuyambira 1906 mpaka 1911 bamboyu ankavala chisoti chachitsulo ndi zovala zolemera n'kutsikira m'madzi akuda bii, osaona ngakhale dzanja lake, pafupifupi maola 6 patsiku. Ankachotsa dothi lofewa n'kuyala matumba a konkire mopapasa, ndipo anayala matumba oposa 25,000. Atatseka madziwo, anzake anawapopa n'kumanga maziko a njerwa. Tchalitchicho chilipobe mpaka lero, koma mlendo wolowamo saona thumba ndi limodzi lomwe.

Ndi mmene mneniyu amagwirira ntchito. Chinthu chimene chikuchita underpin chili pansi, sichidzionetsera, koma zonse zakhala pa icho. "Agriculture underpins Malawi's economy." "Reading underpins every subject, even Mathematics." Chachiwirichi ndi choona ndithu: funso la masamu ukalephera kuliwerenga, fomula siikupulumutsa. Mwininkhani wa underpin nthawi zambiri amakhala chinthu kapena ganizo, osati munthu. Simunganene kuti "My mother underpins me." Amabweranso kwambiri motembenuza, monga "Good friendship is underpinned by trust", ndipo n amawirikiza.

Mdani wake wa underpin ndi undermine, ndipo apa tiimepo kaye, chifukwa kuno timamugwiritsa ntchito mokhota. Timamva anthu akuti "Don't undermine me" akutanthauza kuti usandiderere. Koma mine n'kukumba, ngati kumgodi. Undermine n'kukumba pansi pa chinthu mwakachetechete mpaka chifooke, ntchito ya chiswe pa mzati wa nkhokwe. Asilikali akale ankakumba pansi pa malinga a adani awo kuti agumuke, ndipo mawuwa anachokera kumeneko. Pulifekiti amene amaphwanya yekha malamulo ndiye tinganene kuti "He undermines the rules." Kuderera munthu ndi underrate, underestimate kapena look down on.

Reinforce yekha amalowa mkati. Konkire payekha amapirira kupsinjidwa koma sapirira kukokedwa kapena kupindidwa, n'chifukwa chake mabilidala amayala zitsulo asanathire, ndipo zotsatira zake ndi reinforced concrete, wa milatho ndi nyumba zosanja. Ndiye reinforce n'kuwonjezera mphamvu pa chinthu chimene chilipo kale ndipo chikugwira ntchito. Apolisi kapena asilikali owonjezera amene atumizidwa kukathandiza anzawo ndi reinforcements. Aphunzitsi akapereka ntchito yokachitira kunyumba pa mutu umene aphunzitsa kale, cholinga ndi "to reinforce the lesson". Dziwaninso kuti mneniyu sasankha zabwino zokha. Ganizo lolakwika nalonso limalimbitsidwa: "Such jokes reinforce the belief that girls cannot do science." 

Chenjerani ndi mnzake wofanana naye nkhope, enforce. Ameneyu n'kuonetsetsa kuti lamulo likutsatidwa. "Prefects enforce the rules." Mukalemba kuti "The police reinforce the law" pomwe mumafuna kunena kuti amakhwimitsa lamulo, mwaphonya. Kalembedwe nakonso kamapusitsa: enforce amayamba ndi e, koma mu reinforce muli i.

Fortify tingomudutsa mwachangu, popeza chithunzi chake chili m'mbiri yathu. Fortis ndi mawu a Chilatini otanthauza champhamvu, ndipo fort ndi linga la asilikali. Nthawi ya atsamunda Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill, ndipo Chipata ku Zambia inali Fort Jameson. Fortify n'kulimbitsa malo pokonzekera adani. Koma masiku ano mawuwa muwapeza msanga kukhitchini kuposa kunkhondo. Tayang'anani paketi ya shuga kapena botolo la mafuta ophikira, mupeza mawu akuti fortified, kutanthauza kuti anathiramo Vitamini A kuti thupi litetezeke. Mdani wasintha, linga ndi lomwelo.

Nanga munthu akafooka mumtima? Pamenepo ndi pa bolster. Dzinali ndi lakale kwambiri m'Chingerezi ndipo limatanthauza mtsamiro wautali wobulungira, woika kunsi kwa mapilo kuti mutu ukwere. Ndi chinthu chofewa, ndipo ntchito yake n'kukweza chimene chafwafwala. Ndiye amayenda bwino ndi zinthu zosagwirika: confidence, morale, hopes, chances. "Passing the mock examination bolstered her confidence." Uku ndiye kulimbikitsa kwathu kuja. Amasamba a zamasewero amamukondanso: timu ikagula osewera atsopano akumbuyo amati yachita zimenezo "to bolster the defence". Khoma la njerwa simungalichite bolster, pokhapokha ngati mukufuna kuligoneka.

Brace anachokera ku mawu akale a Chifalansa otanthauza mikono, ndipo ndi m'bale wa embrace, kukumbatira, ndi bracelet, chibangili. Kwa kalipentala, brace ndi thabwa lokhomedwa mopingasa kuti chitseko kapena denga lisagwedere. Mizu ya chimanga ija ena amaitchanso brace roots. Koma chimene chimamusiyanitsa ndi anzake n'chakuti amayang'ana kutsogolo, ku chinthu chowawa chimene chikubwera. Minibasi ikamathamangira bampu, mumagwira mpando wakutsogolo n'kuumitsa thupi, eti? Kumeneko ndiye "to brace yourself". Choncho "Farmers are bracing for a dry spell" akutanthauza kuti alimi akukonzekera ng'amba. Mperekezi wake ndi for, ndipo chobweracho chimayenera kukhala chovuta. "Brace yourself for the results" ndi mawu oopseza, osati olonjeza zabwino. Okonda mpira, brace wina uja wa zigoli ziwiri ndi dzina, osati mneni, ndipo amatanthauza zinthu ziwiri zofanana. Gabadinho Mhango anachita zimenezo pamene Flames inagonjetsa Zimbabwe 2-1 pa mpikisano wa AFCON ku Cameroon mu Januwale 2022.

Sustain amabweretsa nkhani ya nthawi. Anachokera ku sub ndi tenere, kugwira, ndipo tain yemweyo ali mu contain ndi retain. Funso lake si lakuti chinthu chaima kapena ayi, koma chikhala mpaka liti. "Three bags of maize cannot sustain a family of eight until the next harvest." Aliyense amene anaonapo nkhokwe itapepuka mu Januwale akumva chiganizo chimenechi popanda dikishonale. Sustainable wa mu Social Studies uja ndi mwana wake: chitukuko chimene chingapitirire osawononga za mawa. Koma mneniyu ali ndi nkhope ina yodabwitsa. Malipoti a ngozi amati "The cyclist sustained head injuries." Apa palibe chimene chachirikizidwa, munthuyo wavulala basi. Sustain akatsatana ndi injuries, damage kapena losses, tanthauzo lake ndi kukumana ndi zowawazo.

Pocheza wamba, m'malo mwa onse olemerawa, eni chiyankhulo amangoti back up. "Back me up" ndi kuti undiikire kumbuyo, unene kuti zimene ndikunenazi n'zoona. Chichewa ndi Chingerezi apa zagwirizana pa chithunzi, msana ndi kumbuyo. "Back up your answer with evidence from the passage" ndi chimene aphunzitsi a Literature amatiuza tsiku ndi tsiku. Mneni amalembedwa motalikirana, back up, koma dzina ndi limodzi, backup, ngati ija ya zithunzi za pafoni.

Kwatsala awiri amene amapangidwa ndi zidutswa zofanana koma zotembenuzidwa: uphold ndi hold up. Uphold sanyamula katundu wogwirika. Amanyamula malamulo, chilungamo, mwambo ndi zigamulo. Chitsanzo chake tili nacho konkuno. Pa 3 Febuluwale 2020 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019. Nkhani inapita ku apilo, ndipo pa 8 Meyi 2020 khothi la Supreme linagwirizana ndi chigamulocho, chisankho china n'kuchitika pa 23 Juni. M'Chingerezi timati "The Supreme Court upheld the ruling." Likanachikana, tikanati overturned. Taonani kuti zakale zake ndi upheld. "Upholded" kulibe.

Hold up ndiye wosadalirika pa onse. Tanthauzo loyamba ndi lomwe mukuliganiziralo: "Four poles hold up the roof." Lachiwiri ndi kuchedwetsa: "We were held up at the roadblock." Lachitatu ndi kubera anthu poopseza ndi mfuti: "Robbers held up the shop." Palinso lachinayi, lopanda pamtherankhani, lotanthauza kupirira kapena kusagwa: munthu amene ali pamavuto amafunsidwa kuti "How are you holding up?", ndipo bodza likafufuzidwa timati "His story did not hold up." Ndiye mukakumana ndi chiganizo chakuti "The workers held up the roof", musathamangire kuyankha. Mwina anyamatawo ananyamula denga ndi manja pamene mzati umasinthidwa, mwinanso ananyanyala ntchito chifukwa sanalipidwe, denga n'kuchedwa kutha. Werengani chiganizo cham'mbuyo ndi chakutsogolo musanalembe yankho.